Tsiku lomaliza kuphunzira ntchito lisamakhale m'thumba mwa bwana

Kwa inu akuluakulu oyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, inu oyesa mayeso a umisiri, komanso inu eni malo amene achinyamata amaphunzirirapo ntchito,

Landirani moni wanga nonse. Ine ndine kalipentala, ndipo ndagwira matabwa zaka 16 tsopano, kuwerengera ndi zija ndinali wophunzira. Chandilembetsa kalatayi ndi funso la mtsikana amene ndakhala ndikumuphunzitsa ntchito. Kwatsala miyezi itatu kuti zaka zake zikwane. Tsiku lina tikuweruka, iye akupukuta puleni yake yopalira matabwa n'kuigoneka cham'mbali kuti mpeni usakhudze benchi, anangoti, "Bambo, ndikadzakhoza mayeso, Lolemba lake ndidzabwera pano ngati ndani?" Ndinakhala kaye chete. Funso limeneli ndimalidziwa bwino, chifukwa inenso linandisowetsapo tulo, ndipo panalibe wondiyankha.

Pangano langa linali la zaka zinayi. Chaka choyamba chinathera kusesa utuchi, kunyamula matabwa ndi kunola zida, ndipo za chaka chimenecho sindidandaula ngakhale pang'ono. Abwana anga anandipatsa chizulo chobuntha ndi mwala wonolera, n'kundiuza kuti ndisakhudze thabwa la kasitomala mpaka chizulocho chitatha kusenga kunsonga kwa thabwa osang'amba. Ndinanola masabata angapo. Ndikawaonetsa ankangochiyang'ana kukamwa moyang'anitsa dzuwa, n'kundibwezera osanena kanthu. Tsiku limene anachilandira n'kuchiyendetsa pathabwa, kachipale kopyapyala ngati pepala kanapindika kokha n'kugwa pansi. Iwo anangogwedeza mutu, koma ine ndinapita kunyumba ngati ndapatsidwa mphoto. Ndi iwo anandiuza kuti chida chobuntha ndi chimene chimavulaza, chifukwa umachikankha ndi mphamvu zonse mpaka chimaterereka. Ndi iwonso anandionetsa kuti thabwa silikhala phee ngakhale mtengo unadulidwa kalekale: likamwa chinyezi limafufuma, likauma limafota, ndipo limatero kwambiri m'lifupi kusiyana ndi m'litali. Chitseko cha matabwa osauma chimatseka bwinobwino tsiku lochipachika, koma pakatha miyezi iwiri chapindika, chikukana felemu, ndipo dzina limene laipa ndi la mmisiri. Zonsezi ndinazipeza kwa munthu ameneyu, ndipo ndidzamuyamika mpaka kalekale.

Zinthu zinasintha chaka chachinayi. Kuti ndilembetse mayeso omaliza pankafunika kuti abwana asayine buku langa, lija timalembamo ntchito zimene tagwira ndi maola ake. Ndikawapatsa ankati, "Lisiye patebulopo, ndiliona." Mwezi n'kutha. Ndikakumbutsa, "Ukuthamangira kuti? Ukadali mwana iwe." Tsiku lotseka kalembera linadutsa buku lili pansi pa mulu wa malisiti, ndipo ndinadikira mpaka ulendo wina. Pamwamba pa zaka zinayi zija panawonjezereka miyezi 14. Miyezi yonseyo ndinkakhoma madenga, kupachika zitseko ndi kupanga makabati ndekha, abwana ali kwina. Kasitomala ankalipira mtengo wa mmisiri, ine n'kulandira ya wophunzira. Ofesi yokadandaulako sindinkaidziwa. Ndipo ngakhale ndikanaidziwa, ndikanakaneneza bwanji munthu amene tsogolo langa lonse linali pa siginecha yake?

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti anali munthu wouma mtima. Lero ndili ndi wophunzira wanga, ndipo ndikuona kuti nkhani yake inali ya masamu. Zaka ziwiri zoyamba wophunzira amadya nthawi ya mmisiri, amawononga matabwa, amagulula mano a sowo pamisomali yobisika. Chaka chachitatu amayamba kubweza. Pofika chachinayi ndiye wapsa, akugwira ntchito ya munthu wathunthu pa malipiro ochepa, ndipo nthawi yomweyo ndi imene pangano likuti umumasule. Ndikuuzeni zoona, maganizo oti "akhaleko kaye chaka china" anandifikira inenso mwezi watha nditawerengera maoda amene ndili nawo. Ndinachita nawo mantha. Ngati akundifikira ine amene ndinalawa kuwawa kwake, kuli bwanji amene sanalawepo? N'chifukwa chake ndikulembera inu. Nkhani imeneyi musaisiye pa chifundo cha bwana aliyense payekha. Munthu amene amapindula wophunzira akachedwa kumaliza asakhale yemweyonso wosunga kiyi wa khomo lotulukira.

Vutoli si la lero. M'malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babylon, amene anazokotedwa pamwala zaka zoposa 3,700 zapitazo, muli ndime ziwiri za nkhani yomweyi. Yoyamba ikuti mmisiri akatenga mwana n'kumulera, n'kumuphunzitsa ntchito ya manja ake, mwanayo sangalandidwe. Inzake ikuti ngati sanamuphunzitse, mwanayo abwerere kunyumba kwa bambo ake. Ngakhale kalelo anthu anaona kuti mmisiri naye ali ndi ngongole kwa wophunzira, ndipo mfumu sinasiyire nkhaniyi awiriwo okha. Ku England, lamulo la 1563 linaika zaka 7 kuti ndizo zochepetsetsa zimene munthu aphunzire asanaloledwe kugwira ntchito ya umisiri. Zaka 7 n'zambiri, koma zinali zowerengeka, ndipo zinkalembedwa papangano.

M'mizinda yambiri ya ku Europe mabungwe a amisiri ankazindikira masitepe atatu: wophunzira, mmisiri womaliza maphunziro amene amalembedwa ntchito ndi ena, ndi katswiri wokhala ndi malo ake amene ankaloledwa kuphunzitsa. Wapakatiyo Angerezi anamutcha journeyman, kuchokera ku mawu a Chifalansa akuti journée, kutanthauza tsiku kapena ntchito ya tsiku limodzi. Dzinali limanena za malipiro. Uyu ndi munthu amene tsiku lake lili ndi mtengo, ndipo ali ndi ufulu wokalipereka kwa aliyense amene wamufuna. Sitepe yapakatiyi ndi imene imasowa m'malo ambiri. Munthu akamaliza amakhala ndi njira ziwiri zokha: adumphe akatsegule malo ake alibe zida, alibe makasitomala, alibe ndi pogwira pomwe, apo ayi akhalebe "mnyamata wa abwana" mpaka imvi zitamera.

Pali mayiko amene anaikonza bwino nkhaniyi, ndipo kuonerako sikochititsa manyazi. Ku Germany kuli lamulo la maphunziro a ntchito la 1969, limene akhala akuliwongola zaka zikamapita. Limati pangano la wophunzira lilembedwe, likhale ndi tsiku loyambira ndi kutalika kwa maphunziro, ndipo likalembetsedwe ku bungwe loyang'anira ntchitoyo. Maphunziro amatenga zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, masiku ena kuntchito, masiku ena kusukulu. Wophunzira sayenera kutumidwa ntchito zosakhudzana ndi zimene akuphunzira, zida zophunzirira amapatsidwa ulere, ndipo malipiro ake amakwera chaka ndi chaka. Mayeso omaliza amayesa ndi komiti imene muli oimira olemba ntchito, oimira ogwira ntchito, ndi mphunzitsi wa kusukulu. Wolephera amaloledwa kubwereza kawiri. Koma ndime imene inandigwira mtima ndi iyi: wophunzira akakhoza nthawi yake isanakwane, pangano la uphunzi limatha tsiku limene zotsatira zalengezedwa, ndipo bwana akapitiriza kumugwiritsa ntchito popanda kupangana china, lamulo limamuwerenga kuti ndi wantchito wolembedwa. Kumeneko funso la Lolemba lija linayankhidwa kale. Ku United States, kumene lamulo la dziko lonse pa nkhaniyi ndi la 1937, amawerenga maola: chaka chimodzi ndi maola pafupifupi 2,000 a pantchito, kuphatikiza ena 144 a m'kalasi, moti wophunzira zamagetsi amadziwa kuti akulondola maola 8,000 ndipo amatha kuwerenga yekha amene atsala.

Mu June 2023, bungwe la ILO, limene limaona za ntchito padziko lonse, linavomereza ku Geneva malangizo a nambala 208 onena za maphunziro abwino a pantchito. Muli zomwezi: pangano lolembedwa, malipiro oyenera, maola osapyola muyezo, chitetezo pantchito, njira yodandaulira, ndi pepala lovomerezeka pamapeto pake. Malangizo si lamulo, sakakamiza dziko lililonse. Amasanduka kanthu pokhapokha anthu ngati inu mutawatenga n'kuwaika pamene wophunzira angawagwire ndi manja.

Pempho langa lalikulu ndi lakuti tsiku lomaliza likhale m'kaundula wanu kuyambira tsiku loyamba. Wophunzira akalowa pakhomo, inu mudziwe dzina lake, ntchito imene akuphunzira ndi mwezi umene adzayesedwe. Mweziwo ukamayandikira, kalata yomuitana ichokere kwa inu kupita kwa iye mwini. Buku la ntchito lizisayinidwa mwezi ndi mwezi, osati kudikira chaka chomaliza pamene siginecha yasanduka chingwe. Ngati bwana akuona kuti wophunzira sanapse, zimenezo zimachitika ndithu, alembe chifukwa chake ndi ntchito imene ikumuvuta, ndipo inu mutumize mmisiri wina adzaone ndi maso ake. Bwana akangokhala chete osasayina ndi osapereka chifukwa, wophunzirayo aloledwe kukayesedwa, manja ake akamulankhulire. Komanso muziyendera malowa. Pa zaka zisanu ndi miyezi iwiri zimene ndinakhala wophunzira, palibe ndi mmodzi yemwe wochokera ku ofesi anabwera kudzandifunsa pandekha, abwana palibe, kuti, "Kodi akukuphunzitsa?" Funso limodzi limenelo likanandibwezera chaka chathunthu.

Za mayeso enieniwo ndili ndi mawu abwino oti ndinene, chifukwa tsiku langa ndinakumana ndi woyesa wodziwa ntchito. Tinapatsidwa matabwa, chojambula cha kabati kakang'ono ka dirowa imodzi, ndi maola oti timalize. Nditamaliza, bambo wachikulire uja sanayang'ane kunja kumene ndinasalaza ndi sandipepa. Anasolola dirowa, kuigadabuza, kulowetsa sikweya, chida choyezera ngodya, m'ngodya zonse zinayi, n'kuinyamula moyang'anitsa windo. Pangodya imodzi panadutsa kuwala kochepa ngati ulusi. Anandiitana n'kundionetsa. "Apa unamanga kilampu mwamphamvu mbali imodzi guluu asanagwire. Uziyeza kuchokera ngodya iyi kufika iyo, kenako inzakeyo. Miyezo iwiriyo ikafanana, ndiye kuti chaima." Ndinakhoza, koma mphindi zisanu zimenezo ndimazigwiritsa ntchito mpaka lero pa felemu iliyonse. Anzanga ena amene analephera sanauzidwe kanthu. Anangoona kuti dzina lawo palibe, ndipo awiri mwa iwo sanabwererenso. Munthu amene wapereka zaka zinayi za moyo wake muzimuuza pamene walakwitsa, ndipo ngati wagwa gawo limodzi abwereze gawo lomwelo, posachedwa, mtima usanazizire.

Satifiketi nayo isamachedwe. Yanga ndinaidikira miyezi 9. Pakati pa miyezi imeneyo panapezeka mwayi wa ntchito pa nyumba ina yaikulu imene inkamangidwa. Kapitawo anaona ntchito yanga n'kuikonda, koma anati popanda pepala sangandilembe pa mlingo wa mmisiri. Malowo anatenga wina. Kwa inu miyezi 9 ndi mulu wa mafayilo amene akudikira sitampa. Kwa ine inali lendi. Ngati pepala lenileni limatenga nthawi kusindikiza, perekani kalata yotsimikizira tsiku lomwelo zotsatira zatuluka, ndipo pakhale njira yoti wolemba ntchito afunse kwa inu pafoni kapena pa intaneti n'kumva kuti munthuyu anakhozadi.

Tsopano za Lolemba lija. Ine nditakhoza ndinabwerera pabenchi yomweyo, malipiro omwewo, dzina lomwelo la "mnyamata". Ndinkafuna kuchoka, koma hamala, sowo, puleni ndi makilampu zonse zinali za abwana. Changa chinali tepi ndi pensulo. Mmisiri wopanda zida ndi womangika, ngakhale satifiketi ili pakhoma. Sindikupempha kuti mugawire aliyense makina. Bokosi la zida zoyambira, zimene munthu anganyamule yekha, likhale mbali ya pangano: pang'ono azisonkha bwana, pang'ono wophunzira mwini chaka ndi chaka, kuti tsiku lomaliza atuluke nalo. Ndipo pakhale mlingo wodziwika wa malipiro a mmisiri womaliza maphunziro, woti aliyense aziudziwa, kuti mwana wa zaka 22 asamakambirane yekha ndi munthu amene wakhala akumuopa kuyambira ali ndi zaka 18.

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo pa ntchito yathuyi mawuwa ndi oona kwambiri. Kwa bwana mmodzi umaphunzira luso lake, koma umatengeranso zolakwa zake osadziwa. Ine ndinadziwa kuti pali njira ina yolumikizira mitanda ya denga nditagwira ntchito kwa munthu wachitatu. Ku Germany mpaka lero kuli amisiri achinyamata amene akakhoza mayeso amanyamuka ulendo wa zaka zitatu ndi tsiku limodzi, osayandikira kwawo pa mtunda wa makilomita 50, akugwira ntchito kwa amisiri osiyanasiyana. Amayenda ndi kabuku kamene mizinda imadindamo zidindo zake ndipo mabwana amalembamo umboni wa ntchito yawo. Ku France kuli a Compagnons, amene amasuntha mzinda ndi mzinda akuphunzira ndi kugonera m'nyumba za gulu lawo, ndipo mu 2010 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika mwambo umenewu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chitapsa mu April 2019, denga lake la mitengo ya oak la zaka mazanamazana linatheratu. Pomanganso, akalipentala anasema mitanda ndi nkhwangwa monga ankachitira akale, ndipo tchalitchicho chinatsegulidwanso mu December 2024. Manja odziwa kusema motero anapezeka chifukwa luso linali likuyendabe kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Sindikuti aliyense anyamule kathumba azipita. Ndikuti pepala limene mumapereka likhale loti munthu n'kuyenda nalo. Ku Canada ali ndi chidindo chotchedwa Red Seal pa ntchito zoposa 50, ndipo mmisiri amene wachipeza luso lake limazindikirika akachoka chigawo china kupita china. Kambiranani ndi anzanu a zigawo zina ndi mayiko oyandikana nawo kuti munthu asamayesedwenso pa zimene anakhoza kale chifukwa chongowoloka malire.

Musaiwalenso gulu lalikulu limene silinalowepo m'kaundula wanu. Alipo amisiri ambirimbiri amene anaphunzira kwa mbale wawo kapena kwa mmisiri wa pafupi, popanda pangano lolembedwa, ndipo ena mwa iwo amandiposa kutali. Ndinagwirapo ntchito ndi bambo wina wowotcherera zitsulo amene msoko wake unkaoneka ngati wasokedwa ndi makina, koma pa ntchito zikuluzikulu ankalembedwa ngati wothandizira chifukwa analibe pepala. Munthu wotere musamubweze kuti akayambire chaka choyamba. Mpatseni tsiku, zitsulo ndi chojambula, muone chimene manja ake angachite. Ngati kulemba kumamuvuta, mufunseni pakamwa. Malangizo a ILO aja nawonso amanena za kuzindikira luso limene munthu analipeza kale.

Kwa inu amisiri anzanga amene muli ndi ophunzira, ndikudziwa kuti kumasula munthu amene wamuphunzitsa yekha kumawawa, makamaka akakatsegula malo ake n'kutenga ena mwa makasitomala ako. Ndikudziwanso kuti ena amathawa chaka chachiwiri atangodziwa kukhoma misomali, n'kukaipitsa dzina la ntchito yathu. Pangano lolembedwa limateteza ifenso pamenepo. Koma wophunzira amene wakhala mpaka kumapeto wabweza kale zake. Ngati mukumufunabe, mukhazikeni pansi, mumuuze malipiro a mmisiri, asankhe yekha.

Mtsikana uja ndinamuyankha m'mawa mwake. Ndinamuuza kuti buku lake ndasayina mpaka mwezi uno, ndipo otsalawo ndizisayina tsiku lomaliza la mwezi uliwonse iye akuona. Ndinamuuza malipiro amene ndingakwanitse akadzakhoza, n'kumuuzanso kuti ngati apeza oposa pamenepo kwina, kapena akufuna kukaona mmene ena amagwirira, ndidzamulembera kalata ya umboni ndi dzanja langa. Puleni imene wakhala akugwiritsa ntchito, zizulo zinayi ndi sikweya ndinamuuza kuti alembepo dzina lake. Zimenezi ndi zimene ine ndingathe. Tsiku la mayeso ake, woyesa wachilungamo, ndi pepala lofika nthawi yake zili m'manja mwanu, ndipo fomu yake ndaitumiza kale ku ofesi yanu.

Ine wanu mwaulemu,
Kalipentala